Mabotolo a Mose

Panali chinthu chimene Dailes Jailosi anali asanauzepo munthu wamkulu aliyense, ngakhale amayi ake. Mikodzo yonse ya atsikana a Sitandade 8 imene anthu a kafukufuku wa likodzo anatenga pasukulu ya kwawo, kufupi ndi Chipoka, mu 1984, inali ya munthu mmodzi: mlongo wake Mose, khanda la miyezi isanu ndi itatu.

Sikunali kuipa mtima ayi. Mabotolo aja anali oonekera mkati, ndipo ankalandiridwa pansi pa mtengo wa mango, mayina akuitanidwa mokweza, anyamata ali pomwepo. Ndi mtsikana uti akananyamula mikodzo yamagazi anthu akuona? Ndiye atsikana onse asanu ndi mmodzi a m'kalasimo anapangana. Dailes anasonkhanitsa mabotolo, nakhalira Mose ndi kambale tsiku lathunthu, akumumwetsa madzi ngati mbande ya tomato.

Chaka chitatha, a Lawson, a zaumoyo pachipatala chaching'ono cha m'deralo, anabwerako ku maphunziro ku Lilongwe, kumene anakaphunzira kusandutsa zotsatira za kafukufuku kukhala ntchito yeniyeni. Poti Dailes ankalemba mooneka bwino, anamuitana kuti awalembere pepala lalikulu lokaonetsa ku boma, pamaso pa adokotala ndi a tcheyamani a chipani.

"Lemba, mwanawe. Anyamata odwala, khumi ndi anayi. Atsikana, palibe. Mankhwala tikapempha a anyamata okha."

Dailes analemba "Atsi" n'kuima. Dzulo lomwe, pochapa kunyanja, mnzake Hajara anamunong'oneza kuti magazi aja a m'mikodzo sanasiye.

"Koma atsikana a kuno ndinu achitsulo!" anatero a Lawson akuseka. "Kuchapa ndi momwemo, kusamba ndi momwemo, nkhono za likodzo zimakuopani eti? Aphunzitsi athu anati nambala ikakoma kwambiri, musathamange nayo ku boma, yambani mwafunsa eniake. Mwiniwake ndi iwe uli apa."

Panja Mose, amene Dailes anabwera naye ndipo tsopano ankayenda, anali kuthamangitsa bakha, alibe nkhawa ngakhale pang'ono. Dailes anayang'ana zala za kumapazi kwake. Kenaka anaika cholembera pansi.

"Bambo," anatero, mawu akutuluka pang'onopang'ono, "wachitsuloyo ndi uyo akuthamangitsa bakhayo. Mabotolo athu onse anadzaza yekha. Mutiyezenso musanapite ku boma. Koma atiyeze anamwino, kuseri, anyamata kulibe."