Dothi la pa Chitsa cha Nkhalamba

"Alamu, dothi lisalowe m'bokosimo. Ngakhale ka m'chikhadabo, ayi."

Anatero mkazi wa mkulu wake wa Gologolo, manja ali m'beseni, akutsuka mizu ya mbande. Gologolo anaseka mpaka kugwira mzati wa shedi.

"Munandiuza dzana, mwandiuza dzulo. Pakamwa panupo sipatopa?"

"Patope bwanji, poti makutu anuwo munawaiwala pamwamba pa mtengo?"

Dzina lakuti Gologolo silinangobwera. Ntchito ya bamboyu inali kukwera mitengo ikuluikulu ya m'nkhalango ya kumapiri kukathyola njere. Ikuluikulu yake si iyi mumabisalapo dzuwa podikira basi ayi. Imeneyo banja lonse likagwirana manja silizungulira tsinde, ndipo ukati uone nsonga chipewa chimagwa. Munthu wofuna kukalamba sakwera zinthu zotero. Koma iye ankakwera ndi chingwe m'chiuno akuimba mluzu, mkazi wake ali pansi atatseka maso.

Mitengoyo inali kutha. Mvula inayamba manyazi, nkhalango inauma gwa, ndipo moto unkabwera chaka ndi chaka ngati unasiyako katundu. Mtengo waukulu kuposa yonse, umene ankautcha Nkhalamba, nawo unapsa. Unafuka utsi masiku ambirimbiri, kenako unagwa, anthu a kutali n'kumayesa chivomezi. Mwayi wake, Gologolo anali atathyolako njere moto usanafike, ndipo zinamera ku nazale, timbande tokwana bokosi limodzi. Mbewu ya Nkhalamba padziko lonse inali yomweyo basi.

Tsono akuluakulu a zankhalango anagwirizana ndi anzawo a dziko lina kutsidya kwa nyanja, kumene kuli phiri lozizira la nkhungu, lotchingidwa ndi mpanda, losadziwa moto. Anati mbande za mitengo ikuluikuluyo, mabokosi angapo pamodzi ndi la Nkhalamba, zipite kumeneko zikakule mwamtendere, ndipo Gologolo aziperekeze, akazibzale ndi manja ake. Koma eni dziko anaikapo lamulo: mtengo ubwere, dothi litsale. M'dothi mumabisala tizilombo tosaoneka ndi maso, ndipo tikalowa kwa eni tikhoza kuwaphera mitengo yawo. N'chifukwa chake mlamu uja ndi amayi anzake ankatsuka muzu uliwonse mpaka kuyera ngati ulusi, n'kuukulunga m'pepala lonyowa, n'kuuveka pulasitiki.

Gologolo zimenezi zinkamudya mumtima.

"Taonani momwe mwawavulira anawa," anatero, atanyamula kambande kamodzi ngati khanda. "Mwana amapita kuchilendo ali mbulanda? Akafika uko akadya chiyani? Dothi lachilendo mimba yake siilidziwa."

"Dothi liliko kumeneko, alamu. Mukuganiza kuti anthu ake amalima pa simenti?"

"Inu mumadziwa beseni. Ine mitengoyi ndakula nayo. Ikamalankhula ndimamva."

"Eya, ikadzakuuzani kuti mukonze denga la mkazi wanu lija, mudzamvenso."

Amayi onse m'shedimo anafa nazo n'kuseka, Gologolo naye anaseka. Munthu wosamva amaseka bwino kwambiri, muzimuonetsetsa.

Tsiku lonyamuka, woyendera mbewu anabwera m'mawa, anasuzumira m'mabokosi onse, anakhutira, n'kumapita. Masana anthu atabalalika kukadya, Gologolo anatsalira m'shedi. Anapisa m'thumba la ovolosi n'kutulutsa kampukutu ka dothi lakuda lomwe anakatapa pa chitsa cha Nkhalamba, lonunkhira masamba owola ndi phulusa. Anamasula mapepala a m'bokosi la Nkhalamba limodzilimodzi, kuwaza pamizu pang'onopang'ono ngati mchere, n'kumanganso mwaluso moti ngakhale mlamu wake sakanazindikira.

"Musalire, ana inu," ananong'ona. "Amayi anu akupita nanu."

Si njiru imeneyo ayi, chinali chikondi. Koma chenjerani nacho chikondi chopanda makutu. N'chomwe chimadyetsa khanda nyama lisanamere mano.

Anakwera ndege iye ndi kapitawo wake. Zoti anthu amakhala pampando mumlengalenga n'kumamwa tiyi, chitsulo chonsecho chosagwirira paliponse, n'zosafunika kuziganizira kwambiri. Gologolo yekha ndiye sanatekeseke. Anasuzumira pazenera n'kunena kuti, "Apa ndiye pamwamba? Ndakwerapo kuposa apa ine." Ndipo anauza monyadira mayi amene anakhala naye pafupi kuti pansi pa mapazi awo, mosungira katundu, munali nkhalango yathunthu.

Atatera, mabokosi anawalowetsa m'chipinda chachitali chozizira, cha matebulo achitsulo ndi magetsi othobwa m'maso. Munali mayi wovala magolovesi, ndi galu wamakutu ogwa amene ntchito yake inali kununkhiza. Bokosi loyamba, galu anangodutsa. Lachiwiri chimodzimodzi. Mayi uja ankamasula pepala apa ndi apo, kuona mizu yoyera mbee, n'kugwedeza mutu mokondwa. Atafika pa bokosi la Nkhalamba, galu anakhala pansi, osasunthanso.

Mayiyo anamasula pepala limodzi. Papepala loyera, dothi lakuda silibisika.

"Gologolo," anatero kapitawo. "N'chiyani ichi?"

"Kamba wa paulendo, bwana. Kochepa kwambiri."

"Kamba! Wamisala iwe?"

"Musatenthe mtima, bwana. Auzeni andibwereke beseni. Madzi alipo, nditsuka pompano, tizipita."

Kapitawo anamasulira m'chinenero cha kumeneko. Mayi uja sanakalipe. Anatapa kadothi ndi nsonga ya mpeni, kuika pagalasi pansi pa makina okulitsa zinthu, kusuzumiramo, kenako anakodola Gologolo kuti aone yekha. Iye anawerama, diso limodzi atatsinzina. Munali tinyongolotsi toyera tambirimbiri, tikupiringizika, tina tikukwerana pamsana, tonse tamoyo. Munthu amene sanachitepo chizungulire pansonga ya mtengo anagwira m'mphepete mwa tebulo.

"Akuti tina talowa kale m'mizu," anatero kapitawo. "Madzi sangatitulutse. Bokosi lopezeka ndi dothi amalitentha lonse."

"Lonse? Bwana, auzeni kuti mayi wawo anafa. Kulibenso ena. Asiyeko kamodzi kokha, kakang'onoko."

Kapitawo anapempha, anapemphanso, mpaka anavula chipewa. Mayi uja anayang'ana timbande tija nthawi yaitali, maso ali ndi chisoni, n'kuyankha mawu ochepa.

"Akuti pepani," anatero kapitawo. "Akuti mitengo ya kuno nayonso ili ndi ana."

Mabokosi enawo anakwera lole tsiku lomwelo kupita kuphiri la nkhungu. Mbande zija, zotsukidwa, zambulanda, zinagwira zonse. Dothi lachilendo zinalidya bwinobwino popanda kutsegula m'mimba. Pano akuti zapitirira kale madenga a nyumba, ndipo zidzakhalapo pamene zidzukulu za zidzukulu zanu zidzakhale zikuyendera ndodo. Mtundu wa mitengo ija sufanso, zimenezo musakayike.

Koma Gologolo phiri limenelo sanaliponde. Anangopempha chinthu chimodzi, kuti bokosilo asalikankhe pa ngolo ngati zinyalala. Anamulola. Analisenza yekha paphewa, kudutsa m'khonde lalitali, kutsika masitepe, mpaka kuseri kwa nyumbayo kumene kunali ng'anjo ya chitseko chachitsulo. Wantchito wa pamenepo anatsegula, kutentha kunamuwomba kumaso. Gologolo analowetsa bokosi lija pang'onopang'ono, chitseko chinatsekedwa, ndipo m'mawa mwake anamukweza ndege yobwerera kwawo, wopanda kanthu m'manja.