Kamtambo ka M'botolo

"Mayi, kwezani kamalayako, ntchafu ionekere," anatero nesi akutsegula bokosi lozizira la katemera.

Mayiyo, amene anali telala, sanasunthe pa benchi. Pamiyendo pake panali mwana wake wa miyezi inayi, kamtsikana konenepa kamene kunyumba ankakatcha Adona, chifukwa kakangolira aliyense ankasiya zimene akuchita. Adona anali asanabayidwepo katemera wa pantchafu. Kawiri konse mayi wake anafika pageti la chipatala n'kubwerera.

"Mlamu, mwayambanso?" anatero mlongo wa mwamuna wake, amene anamuperekeza. "Lero geti talidutsa. Musandichititse manyazi, ndavutika ndi nsapato zothinazi chifukwa cha inu."

Telala anayang'ana zala zake. Zinali zotupa m'mfundo monse, moti sizasi inkamupulumuka m'manja. Zinayamba atangobereka. Dokotala anamuuza kuti asilikali a m'thupi mwake asokonezeka, akumenya mfundo zake zomwe ngati mdani. Iye ankangokumbukira jakisoni wa kafumbata amene anabayidwa ali woyembekezera, ndipo mumtima mwake mlandu unali utatha kale.

Nesi anatulutsa kabotolo kosaposa chala chachikulu. Pansi pake panali patadikha zoyera ngati fumbi la choko. Anakagwedeza, n'kukakweza cha kuwindo. Zoyera zija zinadzuka, zinazungulira, madzi onse anasanduka kamtambo.

"Anesi, zoyerazo n'chiyani?"

"Muli ndi diso. Ambiri amangoona singano," anatero nesi. "Katemera weniweni ndi tizidutswa ta tizilombo, topanda moyo, sitingadwalitse mwana. Koma tili phee, asilikali a m'thupi akhoza kutidutsa osationa. Zoyerazi ndi mchere wina wake wa aluminiyamu. Ntchito yake ndi kukuwa pamalo pamene tabayapo: thamangani kuno, mudzaone nkhope ya mdani! N'chifukwa chake timagwedeza, kuti zisatsalire pansi."

"Ndiye asilikaliwo akadzuka osagonanso?" anafunsa telala. Anatambasula manja ake onse awiri. "Anga anadzuka. Akundidya ine mwini."

Mlamu wake uja anatsegula pakamwa, koma nesi anamuletsa ndi dzanja. Anakoka mpando n'kukhala.

"Funso limeneli akatswiri alifufuza zaka zambiri, pa ana osawerengeka. Sanapeze kuti katemerayu amayambitsa nthenda yanuyi. Sindikunamizani: alipo anthu ochepa zedi amene thupi lawo limasokonezeka atabayidwa akatemera ena, ndipo zikatero timalemba, timatsata. Za inuyo, chimene chinayambitsa sindikuchidziwa. Nthendayi imatha kubuka mayi akangobereka, wobayidwa ndi wosabayidwa yemwe. Koma chifuwa chokoka mtima, chimodzi mwa zimene katemerayu amateteza, ndachiona ndi maso angawa. Khanda limada milomo, likusakasaka mpweya."

Adona anali kalikiliki kuyamwa chibakera chake. Telala anayang'ana ntchafu yake yosalala, ya mapindi awiri.

"Nanga asilikaliwo amadziwa bwanji kuti uwu ndi mtima wake, awa ndi magazi ake, tisakhudze?"

"Amaphunzitsidwa mwana akadali m'mimba. Aliyense amayesedwa, ndipo amene walozetsa nkhondo kwawo amachotsedwa. Ndi miyandamiyanda, Mayi, ndipo atsopano akubadwa ngakhale panopa. Nthawi zina ena amazemba mayeso."

"Ngati achimwene anga kusukulu," anatero mlamu. Nesi anaseka.

Telala sanaseke. Zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi thupi lake linakhala likumuzindikira tsiku lililonse, diso ndi fupa, tsitsi ndi chikhadabo, osaphonya. Iye akusoka, akugona, akukangana ndi makasitomala, m'kati mwake munali khamu limene silinapumepo, lomudziwa kuposa mayi wake womubereka, ndipo sanalimvepo mpaka tsiku limene linalakwitsa. Khamu lotero linalinso m'kamwana aka, kosadziwa n'komwe kuti chibakera chimene kakuyamwa ndi chake. Telala anagwira mwanayo mosamala ngati wangopatsidwa kumene.

"Mungandilonjeze kuti ake sadzasokonezeka?"

"Ayi," anatero nesi. "Zimenezo palibe angalonjeze, kaya timubaye kaya timusiye. Chimene ndinganene n'chakuti tikamusiya, chifuwa chija chikabwera chidzapeza asilikali osachidziwa."

Panja mwana wina ankalira pa sikelo.

"Gwedezaninso," anatero telala. "Zayamba kudikha."

Nesi anagwedeza n'kukoka mankhwala mu jakisoni. Zala za telala zinakana kugwira kamwendo, choncho anakapanikiza ndi mkono wonse. Singano inalowa. Adona anatong'ola maso, anakoka mpweya wautali, kenaka anakuwa mpaka anthu a pamzere anasuzumira pakhomo. Mlamu anali atatembenukira kukhoma, manja ali kumaso.

"Pakhoza kutupa pang'ono, thupi n'kutentha tsiku limodzi kapena awiri. Musatikitepo. Zikapitirira, bwerani naye," anatero nesi akulemba pakhadi tsiku lobweranso.

Telala anawerenga tsikulo kawiri. Atatuluka, mlamu anabereka Adona n'kuyamba kukokera mapazi kugeti mwaliwiro.

"Mlamu, pang'onopang'ono," anatero telala akumutsata. "Musawagwedeze. Muli anthu akuphunzira m'menemo."