Chingwe cha Khoka la a Sharifu

Amuna anga a Usman ankagulitsa makadi m'nthawi ya chipani chimodzi, ndipo sindibisa, ankachita nazo matama. Ankaima pakhomo la msika n'kumabweza azimayi opanda khadi, madengu ali pamutu. Ndikawauza kuti izi zidzatitembenukira, ankati ndine wamantha. Matipate itabwera mu 1994 zinatitembenukiradi, ndipo zinatipeza tilibe ndi bwato lomwe.

Kwathu kuno, pomwe Bua amathira m'nyanja, pali lamulo losalembedwa paliponse. Khoka likamakokedwa, aliyense wogwira chingwe amapita kunyumba ndi ndiwo, kaya ndi mlendo, kaya ndi wamisala. Mabanja opanda bwato amadyera pomwepo. Koma amuna anga akagwira chingwe cha a Sharifu, eni khoka lalikulu padoko pathu, anzawo ankasuntha n'kuwasiyira danga kutsogolo ndi kumbuyo ngati ali ndi mphere. Akapereka salamu, anthu ankayang'ana kunyanja. Pogawa, a Sharifu ankaponyera nsomba uyu, n'kuponyera uyo, koma akafika pa a Usman dzanja linkadumpha. Sankawatukwana kapena kuwathamangitsa ayi, ankangochita ngati pamenepo sipanaime munthu.

Bola kumenyedwa, munthu umadziwa pomwe pakupweteka. Miyezi khumi yathunthu amuna anga ankalawirira kudoko n'kubwerako manja ali matuza okhaokha, beseni lopanda ndi mamba omwe. Ana anadya chigwada mpaka kudana nacho. Ndinawachonderera kuti tisamukire ku Dwambazi kwa achimwene anga, komwe mbiri yawo sinafike.

"Rukia, anthuwa ndinawalakwira," anatero. "Ndikathawa ndiye kuti sindinamve. Mawa ndipitanso."

Ndinapsa mtima moti tsiku limenelo sindinawaphikire.

M'mawa wina mu Epulo ndinali kudoko ndikutsuka mapoto pomwe khoka linakana kubwera. Chaka chimenecho Bua anakokolola mitengo yambiri n'kukaitaya m'nyanja, ndiye khokalo linakodwa pa chitsa pansi pa madzi. Amuna anakoka mpaka zingwe kulira, a Sharifu n'kukuwa kuti aleke lisanang'ambike. M'katimo nsomba zinkachita kuwira, ife tikuona ndi maso. Panafunika munthu woti amire akaliwonjole. Madzi anali ofiira ndi matope, ndiponso pamenepo ng'ona sizisowa. Akuluakulu a mawu aja, omwe amati nyanja anabadwa nayo, aliyense anayamba kukanda m'mutu. Wina anati khutu likumuwawa kuyambira dzana.

Chimene onse ankachidziwa n'chakuti a Usman asanalowerere za chipani, ntchito yawo m'bwato la bambo awo inali yomweyi ya kumira. Koma adzawapempha bwanji munthu woti kulibe? A Sharifu anayang'ana kumwamba n'kufunsa mphepo.

"Kodi pano palibe woti n'kutithandiza?"

Amuna anga anali atavula kale malaya. Ndinataya poto n'kuthamanga kukawagwira dzanja.

"Imani kaye, bambo a Zahra!" Kenaka ndinatembenukira kwa eni khoka, manyazi onse nditaika pambali. "A Sharifu, munthu amene mukumufunayo ali ndi dzina. Ngati ng'ona imudye lero, imudye mutamuitana."

A Sharifu anayang'ana khoka lawo, n'kuyang'ana anthu. Ine ndinangoti nganganga pa dzanja lija.

"A Usman," anatero potsiriza. "Achimwene, chonde, khoka langa likupita."

Amuna anga anati Bismillah n'kulowa m'bwato. Atafika pamalopo anamira, n'kuvuuka chimanjamanja. Anamiranso, n'kutuluka phewa likuchucha magazi chifukwa cha nthambi. Ulendo wachitatu anakhalitsa pansipo moti ndinayamba kudzitukwana ndekha chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndinali nditagwada pamchenga, ndikuitana Mulungu mokweza osasamala za anthu, pomwe zingwe zinakhwefuka. Mutu wawo unatulukira patali, dzanja lili m'mwamba.

"Kokani!"

Iii, mmene anakokera anthu! Ndi wa khutu uja yemwe. Khoka linafika pamchenga lili tho ndi chambo ndi mpasa zonenepa, zoti chaka chimenecho tinali tisanazione. A Usman atatsika m'bwato, amuna anawaunjirira, wina akuwamanga bala ndi nsalu yake, wina akuwasisita pamsana. Iwo ankangoseka ngati mwana, milomo ili mbuu ndi kuzizidwa.

Nthawi yogawa, a Sharifu anati amuna anga ayambe kusankha. Iwo ndi ulemu wawo uja anatola chambo ziwiri zokha. Ine ndinawakankhira pambali n'kudzaza beseni mpaka michira kulendewera.

"Mawa mulawirire," a Sharifu anawauza amuna anga. "Malo anu ndi kutsogolo kwa chingwe."

Kuchoka padoko kufika kwathu ndi pafupi, koma tsiku limenelo ndinazungulira mudzi wonse, beseni lili pamutu, madzi a nsomba akuyenderera m'khosi. Aliyense amene ndinakumana naye ndinkamupatsa moni mokweza, n'kuima pomwepo mpaka ayankhe.