Umboni wa a Chande

Hudson anali asanamalize kulankhula pamene mayi ake anayamba kupukusa mutu. Linali tsiku lachitatu chiikireni maliro a bambo ake, a Chande, kwa Mposa, ndipo anthu anali atabalalika. Pakhonde panatsala Hudson, mlongo wake Esther, mayi awo a Dailesi, ndi mlendo mmodzi. Mlendoyo anali a Abdulrahim, bambo wa imvi wa kutsidya kwa dambo, amene kwa zaka zoposa makumi anayi ankalima munda wa mpunga wa malemuwo. Anakana mpando, n'kukhala pansi pafupi ndi nkhokwe.

Hudson, amene anali ndi golosale ku Balaka, analankhula modekha. Anati bambo ake anali munthu wachifundo, n'chifukwa chake anabwereketsa mundawo, koma tsopano uyenera kubwerera ku banja, pakuti iye ali ndi ana awiri amene akungokhala pakhomo opanda chochita. Anawonjezera kuti pachiliza akufuna alembepo kuti apa pagona msilikali waulemu.

"Munda umenewo sunabwerekedwe," anatero a Dailesi. "Ndipo mawu amenewo pachiliza musalembepo."

Esther anawakonzera mpango umene unkatsetsereka paphewa, n'kuwauza kuti atopa, akapume. Iwo anachotsa dzanja lake.

A Dailesi anafotokoza pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi. Ufulu utatsala pang'ono kubwera, a Chande anali msilikali wa atsamunda, gulu limodzi ndi sajeni wina dzina lake Uladi, bambo wa a Abdulrahim. Awiriwa analowa usilikali tsiku limodzi, ndipo ankadyera m'mbale imodzi. Tsiku lina anatumizidwa kukabalalitsa anthu amene anasonkhana pa boma lina kudzapempha kuti abale awo omangidwa atulutsidwe. Mzungu amene ankawatsogolera analamula kuti awombere. Anthu anayi anafa, mmodzi mayi wapakati. Nkhani itamveka kunja, mzunguyo anakana kuti sanalamule, ndipo mlandu unagwera Uladi.

M'mawa wa tsiku la mlandu, mzunguyo anaitana a Chande mu ofesi. Anawauza kuti ulemu wa gulu lonse uli pakamwa pawo, ndipo akanena zina, nawonso aima pamene waima Uladi. M'khoti la asilikali munali azungu atatu kuseri kwa tebulo. A Chande anagwira Baibulo, n'kulumbira kuti sanamve lamulo lililonse, kuti Uladi anawombera mwa kufuna kwake, enawo n'kutsatira.

"Uladi anapempha kufunsa funso limodzi," anatero a Dailesi. "Anati, ‘Chande, unaima pambali panga kapena ayi?’ Abambo anu anavomera. Iye anati, ‘Ndiye makutu ako anali kuti?’ Sanafunsenso china."

Uladi anamudula nyota zake za usajeni ndi mpeni pamaso pa gulu lonse, n'kumutsekera kundende, kumene anafa ndi chifuwa patapita zaka ziwiri. Anasiya mkazi ndi khanda. Usajeni wake anaupereka kwa a Chande.

Hudson anaimirira, n'kupita kukaima pa mtengo wa mango, kumbuyo kuli kwa onse. Atabwerera maso anali ofiira. Anafunsa mayi ake chifukwa chimene akuvulira bambo ake pamaso pa mlendo, dothi la pamanda lisanaume. Anati ukalamba umasokoneza mutu, ndipo palibe pepala losonyeza zimenezo.

"Pepala silikufunika," anatero a Abdulrahim. Anali asanalankhule chifikireni. "Anandiuza okha ndili ndi zaka makumi awiri. Anabwera kwathu, n'kuima pabwalo dzuwa lili pamutu, nanena zonse monga anenera amayiwa. Amayi anga anali m'nyumba, akumva. Sanatuluke."

Esther anawafunsa ndi mawu otsika ngati anawakhululukira bambo ake.

"Iyayi, chemwali. Munda anandipatsa tsiku lomwelo, ndipo ndinalandira chifukwa kwathu kunali njala. Chaka chilichonse ankabwera kudzandifunsa zomwezo, ndipo chaka chilichonse ndinkawauza kuti wokhululuka ndi amene anafera kundende, osati ine. Kumaliro ndinabwera chifukwa ndi munthu yekhayo amene ankadziwa nkhope ya bambo anga. Ine sindiidziwa."

Anatembenukira kwa Hudson n'kumuuza kuti mpunga uli m'mundamo akolola mu Meyi, kenako achite zimene akufuna. Kwa amfumu sakapita, anatero, pakuti banja lawo linaima kale m'khoti kamodzi. Anasansa fumbi pamkanjo, natsanzika a Dailesi, n'kukankha njinga yake mpaka kumsewu asanakwere.

 M'mawa mwake Hudson anakwera minibasi ya ku Balaka. Asananyamuke anauza Esther kuti mmisiri wa chiliza akabwera alembe dzina ndi masiku basi. Za munda sanazitchule, ndipo Esther sanamufunse.

Atachoka, Esther ndi mayi ake analowa kuchipinda kukalongedza zovala za malemu kuti zigawidwe. Pa alumali panali Baibulo lachikuto chakuda limene mpingo unawapatsa a Chande atakwanitsa zaka makumi asanu mu eklezia. Esther analitsegula. Masamba anali oyera, ena omatana, osapindika ngakhale pakona. Anati ankaganiza kuti bambo ake anasiya kuwerenga chifukwa cha maso.

"Maso anali bwinobwino," anatero a Dailesi. "Chichokereni m'khoti lija sanagwirenso Baibulo. Abusa atawapatsa ili, anabweza manja kumbuyo, ndinalandira ndine. Lamulungu lililonse ndinkanyamula ine, iwo ali pambuyo panga."

Anatambasula manja, Esther n'kuwapatsa. Analipukuta fumbi ndi nsonga ya chitenje, nalibwezera pa alumali, ndipo anayamba kupinda malaya.