Woyankha Wachisanu

Ofesi ya Adokotala inkanunkha fumbi ndi mapepala onyowa. M'mashelufu munali mabuku omwe aja anasiyidwa ndi amene anamanga yunivesiteyi, ndipo chiswe chokha ndicho chinkawawerenga mwakhama. Mtsikana wina, wophunzira wawo, anakhala pampando wothyoka mwendo, atafumbata foni yake.

Zaka zonse za digiri ya sosholoje anaphunzira za mabanja a anthu ogwira ntchito m'mafakitale a m'mayiko ozizira, ndi maganizo a azungu andevu amene anafa agogo ake asanabadwe. Za mumsewu wa kwawo, pomwe nyumba imodzi imalera ana a anthu anayi, munalibe m'silabasi. Mwayi unabwera ndi kafukufuku wa chaka chomaliza. Anatenga mafunso ake n'kukajambula mawu a amayi a m'dera lakwawo.

"Ntchito yabwino," anatero Adokotala, akuvundukula masamba. "Makamaka Woyankha Wachisanuyu. Mutu wachinayi wonse waima pa iyeyu. Chatsala n'chimodzi. Mawu onse unajambulawo ufufute pano ine ndikuona, kenako ndisayine. Ndi lamulo loteteza oyankha."

 Mtsikanayo ankaganiza kuti zofufutazo ndi zongolemba papepala.

Woyankha Wachisanu anali mayi ake aang'ono, amene anamulera. Malamulo sankalola kufunsa wachibale, koma iye anabisa. Anawajambula akusita zovala pakhonde, ndipo mwezi wotsatira anawaika m'manda. Chiyambire maliro sanayerekezeko kutsegula mawuwo, ngakhale kuwasunga pena. Analipo m'foni mokhamo.

"Tandiyatsira kaye pang'ono," anatero Adokotala. "Ena amangopeka oyankha ali pabedi."

Mtsikanayo anadina. M'chipindamo munamveka kukhosomola, kenako simbi ikugunda pathebulo.

"Mutu wa banja lino ndani?" anafunsa mawu ake omwe, aulemu ngati a mlendo.

Mayi aang'ono anaseka mpaka kutsamwa. "Mutu? Pano pali msana basi, mwanawe, ndipo ukundiwawa. Amene anakulembera mafunsowa anakhalapo m'nyumba ya anthu? Tasuntha mwendowo, ndingakuotche, mwana wa mkulu wanga."

Adokotala anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Amayi ambiri amaitana choncho mwana aliyense," anatero, osamuyang'ana. "Ngati ndi choncho, fufuta, ndisayine, uvale gauni chaka chino. Koma akakhala m'bale wako, si woyankha. Mawuwo ndi ako, dipatimenti ilibe nawo ntchito. Mutu wachinayi ugwa, ndipo tidzaonana chaka chamawa."

Panja ana a chaka choyamba ankaloweza matanthauzo a mayeso mokweza, ngati pemphero. Chala cha mtsikanayo chinali pamwamba pa kabatani kofiira kofufutira. Anaganiza za nkhope za kunyumba, za msuweni wake amene anali atayamba kale kumutcha bwana.

"Ndi mayi anga," anatero.

Adokotala anatenga cholembera chofiira n'kudula mzere kuchokera pamwamba pa tsamba mpaka pansi. Sanakalipe. Anangomukankhira mapepalawo.

Mtsikanayo anatulukira m'khonde lalitali lopanda mababu, n'kuika foni kukhutu. Simbi inali ikugundabe. Madzi anathiridwa pansalu, nthunzi inalira.

"Ndiye sukulu yakoyi imatha liti?" anafunsa mayi aang'ono. "Ine nsalu yovala tsikulo ndinagula kale."