Mapaipi a Pijo ya Amalume

Amalume anga a Agyekum ndi munthu woti ukamawakonzera galimoto uziyamba wapempherera mtima wako. Pijo yawo, pikapu yoyera imene inayamba kuyenda ine ndisanamere mano, inafika pagalaja panga ku Suame, mu mzinda wa Kumasi, m'mawa wina ikununkha petulo ngati yasamba momwemo. Woyamba kutsika anali msuweni wanga Nyarkoa, mwana wawo amene ndi namwino, nkhope ili ndwii.

"Twumasi, iwe umati ndiwe makaniko," anatero asanandipatse ndi moni womwe, "koma galimoto ya malume ako ikuyamwa petulo m'chigubu. Manyazi ulibe?"

Sankanama. Mapaipi ochokera ku thanki anadyedwa ndi dzimbiri kalekale. M'malo mofuna ena, amalume anaika chigubu chachikasu kutsogolo, pamapazi pa wokwera, n'kulowetsamo kapaipi ka labala kopita ku injini. Pamsewu wokumbika wa kumudzi kwathu chigubu sichingakhale chokha, chimafuna munthu wochipana ndi miyendo. Munthuyo anali akazi awo, Maame Afrakoma. Ulendo uliwonse wobweretsa nthochi ndi chinangwa ku msika wa Kumasi, iwo ankakhala pamenepo, akupuma fungo lija kupita ndi kubwera.

"Amayi chifuwa sichikutha," anatero Nyarkoa. "Ukonze, ndipo chigubu chimenecho ndisadzachionenso."

Amalume anangoti, "Mwamva, akonzi," maso ali kumbali.

Ndinayamba ndi njira yachidule. Ndinagula paipi yatsopano yamkuwa kuti ndiipinde ndekha motsata chasisi, chimango chachitsulo cha pansi pa galimoto. Amalume anaitembenuza uku ndi uku n'kunena kuti imeneyo ndi ya firiji, Pijo siidziwa. Chabwino. Ndinazungulira m'mashedi a ogulitsa zitsulo zakale dzuwa likundiwotcha pamutu, mpaka ndinapeza mapaipi enieni a Pijo, opindika kale malo ake onse.

"Galimoto imene achotsamo inafa bwanji?" anafunsa.

"Inagunda mlatho."

"Ndiye undiikire zitsulo za ngozi? Mwana wa mlongo wanga, ukufuna kulowa m'nyumba mwanga msanga eti?"

Ndinaluma mlomo. Akanakhala kasitomala wamba ndikanamuuza kuti akankhe chigalimoto chakecho apite nacho kwa asing'anga. Koma malume ndi malume, ndipo mawu a Nyarkoa anali akundilirabe m'khutu.

Amene anandipulumutsa ndi Baba Seidu, mkulu wina amene amasunga magalimoto akufa kuseri kwa osula zitsulo. Pakona pa bwalo lake panali Pijo yofanana ndi yathu, nkhuku zikuikira mazira pampando. Imeneyo sinagunde kanthu, inangotopa mwini wake n'kuisiya. Ndinalowa pansi pake ndi sipanala ndi mafuta ofewetsa dzimbiri, n'kumasula pang'onopang'ono paipi yaitali yochokera ku thanki, kapaipi kopumira mpweya, ndi tizitsulo tonse togwirira. Nditauzira mbali imodzi, mpweya unatuluka mbali inayo bwinobwino.

"Iyi inafa ndi ukalamba, pakama pake," ndinawauza amalume. "Pali china?"

Anakhala pa tayala lakale pafupi ndi galimoto, ine n'kutsitsa thanki, kuitsuka matope a zaka zambiri, ndi kuibwezera. Kenako ndinagona chagada pa katoni n'kuyamba kulowetsa paipi. Ntchito imeneyi siifuna phuma. Ukaikakamiza imapindika pakhosi ndipo petulo sadutsa, ukaisiya ikukhudza chitsulo imadzibowola yokha m'mabampu. Kuchokera pansipo ndinkangoona mapazi a amalume m'masandasi awo, zala zikukandakanda dothi.

"Twumasi."

"Wawa, amalume."

"Nati imodzi utaisiya yosamanga bwino, kuti izidontha pang'ono, Nyarkoa angadziwe?"

Ndinadzigunda mutu ku chasisi. Ndinatuluka pansipo mtima uli m'mwamba. "Amalume, mukufuna kupsa? Petulo adonthere pa ekizozi? Ndazungulira Suame yense ngati wamisala chifukwa cha inu, ndiye mukuti chiyani? Ngati simukufuna kuti ndikonze, nenani!"

"Khala pansi, usandikalipire ngati ndine mwana wako."

Ndinakhala. Anatenga nthawi akuyang'ana zikhatho zawo.

"Mwa mwambo wathu uja, amake Nyarkoa amakhala kunyumba ya amayi awo, ndi abale awo ndi zidzukulu. Ine ndili kwathu ndi amayi ako ndi enawo. Chakudya chimabwera m'dengu. Ndikapita kumeneko, alamu ali pakhonde, ana ali pamiyendo, timangofunsana za mvula. Iwo akabwera kwathu, amayi ako sachoka pamenepo. Muno," analoza galimoto ndi chibwano, "ndi mmene timalankhulana. Za ana, za amene anatisiya, za zopusa. Nthawi zina sitilankhula n'komwe, koma tili awiri. Ukamanga paipi imeneyo, adzakwereranji?"

Mkwiyo wonse unanditsika. Ndinawamvera chisoni, ndipo ndinachita manyazi kuti ndakhala ndikuwatukwana mumtima.

"Bwanji osangowauza kuti tiyeni?"

"Ha! Nkhalamba ngati ine? Abale awo aja aseka mpaka agwe pamipando. Adzati Agyekum wayambanso kufunsira. Ndiponso iwo ali ndi ntchito zawo. Ankabwera chifukwa panalibe wina wogwira chigubu."

"Nati yokha sindisiya, amalume. Zimenezo ayi."

"Ndadziwa," anatero. "Manga."

Ndinamanga. Ndinaika labala paliponse pamene paipi imadutsa pachitsulo, ndinalumikiza ku pampu, ndinathira petulo m'thanki imene inali itaiwala kukoma kwake. Injini inakhosomola kangapo, kenako inagwira n'kumalira mosalala. Ndinapapasa polumikiza ponse ndi chala. Pouma.

Tsiku lodzatenga galimoto, Nyarkoa anabwera ndi amayi ake. Maame Afrakoma ndi mayi wamfupi wosachedwa kuseka, koma tsikulo anangoima chete, nsalu yawo yabwino ili paphewa. Nyarkoa anasuzumira kutsogolo, anaona pamapazi pali mbee, n'kundimenya paphewa.

"Kani mutu umagwira! Amayi, mwapuma tsopano. Tiyeni ndikakukwezeni basi, abambo akatenge katundu wawo okha."

Amalume anali atakhala kale pachiwongolero, injini ikulira, maso ali kutsogolo ngati pali chinthu chofunika kwambiri pakhoma la galaja. Maame Afrakoma sanasunthe. Ine zinandikanika kupirira.

"Amayi," ndinatero, "paipi yatsopano imafuna munthu wokhala pambali, womamvetsera ngati pakumveka fungo. Kwa miyezi ingapo chabe."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. "Twumasi, ndinakusambitsa ndine uli khanda. Usandinamize. Malume akowo pakamwa ali napo."

Nyarkoa anayang'ana amayi ake, anayang'ana abambo ake, osamvetsa. Amalume anazimitsa injini. Anatsika, anazungulira kutsogolo kwa galimoto mwaulemu wonse ngati akupita kukapereka chopereka kutchalitchi, n'kutsegula chitseko cha wokwera. Chitsekocho chimafuna kuchinyamula pang'ono, ndipo anachinyamula.

"Afrakoma," anatero, ndipo aka kanali koyamba ine kumva akuwatchula dzina. "Palibe choti mugwire. Palibe ntchito iliyonse. Ndikungofuna mukwere."

Maame Afrakoma anayamba kuseka, koma kusekako kunasanduka chifuwa, chifuwa chija chenicheni chochokera pansi, mpaka anagwira chitseko. Nyarkoa anathamangira kuwasisita pamsana. Atapeza mpweya anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu.

"Bambo inu ndinu ouma mutu," anatero. "Chifuwa ichi chinayamba kale, Nyarkoa asanachimve. Ndinkachimeza tikakhala m'galimoto, kuti mungamve n'kukonzetsa thanki."



"Amayi!" anakuwa Nyarkoa. "Mumadzipha dala?"

"Iwe khala chete, sunakwatiwe," anatero amayi ake, akukwera. Anakhala bwino, anakonza nsalu, n'kuyang'ana amuna awo amene anali ataimabe atagwira chitseko. "Nanga tsekani, bambo. Kapena mukudikira kuti abale anga abwere adzaonerere?"