Ndege Imene Anthu Anaithawa

Ndege ija anaisoka ndine. Ndikutero chifukwa anthu akamakamba za amuna anga a Senanu amaiwala kuti nsalu yonse ya m'mapiko inadutsa pa makina anga. Iwo anapanga mafupa ake: mapaipi, matabwa, ndi injini yomwe anaizula m'kagalimoto kakale. Ali mnyamata anagwirapo ntchito yokonza ndege zing'onozing'ono ku Accra, ndipo abwana awo anawaphunzitsako kuulutsa. Nthenda ya ndege anaitenga kumeneko. Atabwerera kwathu kuno anatsegula galaja ya njinga zamoto, koma mtima wawo unkakhala m'chisakasa cha kumunda kwathu, m'mbali mwa msewu wafumbi wopita ku minda ya mpunga.

Zaka zinkapita, ndege osatha. Tawuni yonse inkaseka, koma a Senanu za anthu analibe nazo ntchito. Wowapweteka anali mmodzi, akulu awo a Gameli, amene anawalera bambo awo atamwalira. A Gameli akabwera kumunda ankazungulira chinthucho, n'kugogoda phiko ndi ndodo, n'kufunsa ngati nkhuku zayamba kuikiramo mazira. Amuna anga ankaseka nawo, koma tikafika kunyumba akple, nsima yathu ya kuno, ankabwerera osakhudzidwa. Munthu wa imvi, wa zidzukulu, kumafunabe kuti mkulu wake amuuze kuti wachita bwino! Zinkandinyansa, koma ndinkasokabe.

Unamalizitsa ndegeyo ndi mliri wa korona. Sukulu anatseka, matchalitchi anatseka, kumaliro kunkangopita anthu owerengeka. Njinga zinasiya kubwera ku galaja, inenso zovala za pamaliro zinasowa wozisoketsa. Tinkangolawirira kumunda tonse awiri, iwo ndi masipanala, ine ndi ulusi ndi utoto. Mvula yoyamba isanakhwime, ndege inali itaima pa matayala ake, yoyera mbee, injini ikulira moti mbalame zinasamuka.

Nthawi yomweyo a Gameli anafa ziwalo mbali imodzi. Kuchipatala anangowasunga pang'ono n'kuwabweza. Mwana wawo wamkazi, Yayra, ankawatulutsa m'mawa uliwonse pa mpando kuti aothere dzuwa pabwalo, ndipo ife tinkawaonera pa geti, pakamwa titamanga nsalu. Ankachepa tikuona. Zoti angakwerenso galimoto kupita kumunda panalibe.

A Senanu anati ndiye ndege ipita kwa iwo.

Ndinawakumbutsa kuti aboma oona za ndege aku Accra sanabwere kudzaiona, ndipo sakanabwera chifukwa misewu inali yotseka. Ndege zonse m'dziko zinali pansi. Ndinati adikire zinthu zitseguke, atenge chilolezo ngati munthu.

"Chilolezo chidzandipeza," anatero. "Achimwene ndi amene sadikira."

Ndinati chabwino, koma timuuze Yayra kuti adziwe. Anakana. Yayra ndi mwana wabwino, koma pakamwa pake ndi pa wailesi, ndipo apolisi a pa rodibuloko akanamva dzuwa lisanalowe. Komanso ankati palibe chifukwa, poti munthuyo amakhala panja m'mawa uliwonse, maso ali kumwamba kusowa choyang'ana. Ndikuganiza kuti ankafunanso kuwadzidzimutsa. Amuna akakalamba amabwerera ku chibwana.

Masiku amenewo pa mafoni pankayenda mauthenga osaneneka. Wina wati imwani madzi a nimu, wina wati tsabola wambiri. Unalipo wina wa mawu a bambo wodekha, wonena kuti boma litumiza ndege kudzapopera mankhwala opha kachilombo, ndiye ikamveka aliyense alowe m'nyumba, atseke mazenera, avundikire madzi ndi chakudya. Unafika pa foni yanga, unafikanso pa ya a Senanu. Tinauseka monga tinasekera wa tsabola uja.

Tsikulo kunacha bwino, kopanda mphepo. Tinaikankhira pa msewu. Anandiuza kuti ndichotse miyala ya kumatayala akakweza dzanja, ndiyeno ndithawire kumbali. Sitinatsanzikane, poti si khalidwe lathu. Ndege inathamanga ikudumphadumpha, fumbi lili koboo, ine ndikuti basi munthu uja akukalowa mu mpunga wa eni ake. Kenaka pansi pa matayala panaoneka kuwala. Inakwera mopendekeka pang'ono, n'kuwongoka, n'kulunjika kutawuni. Ndinachita mantha, inde, koma ndinanyadanso. Nsalu yanga sinang'ambike.

Zimene anaona ali m'mwamba anandiuza pambuyo pake. Atafika pamwamba pa nyumba zoyamba, anthu anali balalabalala. Amayi ankakokera m'nyumba mphasa zimene anayanikapo tsabola ndi gari, ufa wathu wa chinangwa, ena akuvundikira zitsime ndi malata, ena akukoka ana. Poyamba a Senanu ankayesa kuti anthuwo akuthamangira kukaitana anzawo adzaone. Anatsika pang'ono, n'kukhotera kwa a Gameli. Pabwalo panali mpando wokhawokha. Anazungulira, nazunguliranso, mpaka mafuta anayamba kuwaopsa. Tawuni yonse inali zii, zitseko zotseka, nkhuku zokha zikuthamanga.

Pobwerera anapeza ng'ombe zili mumsewu. Abusa nawonso anali atathawira m'kanyumba ka pampu ya madzi, kuzisiya zokha. Ndinayesa kuzipirikitsa ndi chitenje, koma ng'ombe ikaima yaima. Anatera patsogolo pake, pomwe msewu uli ndi ngalande. Tayala lakutsogolo linathyoka, mphuno inalasa pansi, pulopela yamatabwa ija n'kuuluka zidutswazidutswa. Iwo anatuluka ndi bala laling'ono pachipumi. Anagwada n'kuyesa kutembenuza injini ndi manja, koma sinasunthe. Anati chitsulo chachikulu cha m'kati chapindika, ndipo china n'chochita kuitanitsa kunja, malire akadzatseguka.

Tinaikokera m'chisakasa, tinasamba, n'kupita kwa a Gameli dzuwa litapendeka. Anthu anali atatuluka. M'njira monse nkhani inali imodzi, yoti boma lakumbukira tawuni yathu. Mayi wina wogulitsa nsomba analumbira kuti mankhwalawo anawamva fungo, ngati la mandimu. Wina ankadandaula kuti kumsika sanapopere mokwanira.

Yayra anatichingamira pa geti ali wonyadira. Anati atangomva kulira kuja anawanyamula yekha bambo ake, munthu wamkulu ngati uja, n'kuwagoneka kuchipinda, n'kutseka zenera ndi bulangete. Bambowo ankakana, akuti akufuna aone, koma iye sanalole.

"Ndi chifuwa chawo chija, bambo aang'ono, mankhwala aja akanawapha," anatero.

A Senanu anamuyamikira kuti anachita bwino.

A Gameli anali atawabwezera pa mpando wawo. Pakamwa panali popindika, mawu ankatuluka movutikira, koma chipongwe chinali chikadalimo. Anakodola mng'ono wawo ndi dzanja labwino lija.

"Iwe Senanu, wamva mmene imalirira ndege yeniyeni? Yadutsa pano kangapo. Mpaka malata kunjenjemera."

Amuna anga anayang'ana pansi. Ine ndinapsa mtima. Ndinayang'ana uku ndi uku kuona ngati pali wina womva, ndiyeno ndinatsitsa nsalu ya pakamwa.

"Alamu, ndege imeneyo ndi ya mng'ono wanu. Amakufunani inuyo. Taonani chipumi chawocho."

Yayra anagwira pakamwa. A Gameli anayang'ana ine, n'kuyang'ana balalo nthawi yaitali. Ndinkayembekezera kuti aseka, anene za nkhuku zija. Sanaseke. Anafunsa ngati zinali zoona, ndipo a Senanu anagwedeza mutu. Anafunsa ngati anali yekha m'menemo, ngati nyumba ino imaoneka kuchokera kumwambako, ngati mtengo wa mango umene anabzala bambo awo umaoneka. A Senanu ankangoti inde, achimwene, inde. Misozi inatsika mbali imodzi ya nkhope ya mkuluyo, ndipo Yayra anaipukuta.

"Ndiye ubwere nayo mawa," anatero a Gameli. "Uyu sandigwiranso. Ndikhala panja."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za ng'ombe, koma amuna anga anandiponda phazi.

"Chabwino, achimwene. Mawa."

Kutacha analawirira kumunda, nane ndinawatsatira ndi chakudya. Ndinawapeza atamasula injini yonse, zitsulo ataziyala pa thumba, chopindika chija chili m'manja. Ankachitembenuza, n'kuchiika pansi, n'kuchitolanso. Ndinawauza kuti kuchiyang'ana sikuchiwongola.

Dzuwa lili pamutu foni yanga inalira. Anali Yayra. Anati bambo ake akhala pabwalo chiyambire m'mawa, akana kulowa, akana mthunzi, akana ndi phala lomwe poopa kuti angaweramitse mutu ndege n'kudutsa.

"Amayi aang'ono, akuti ndifunse kuti ifika nthawi yanji."

Ndinawapatsa a Senanu foniyo kuti ayankhe okha.